Kumeta kwa ku Santry

Kalisto ankadziwa mbiri ya makina ometera ndevu kuposa mbiri ya mtundu wake, ndipo si kuti ankafuna. Kunyumba yosamalira okalamba ya ku Santry, kutsidya kwa nyanja kumene ankagwira ntchito, m'mawa uliwonse ankameta Bambo Garvey, amene anathera unyamata wawo akugulitsa makinawo sitolo ndi sitolo. Dzina la mwana wawo ankaliiwala, koma za kampani yawo, ayi ndithu: mmene inayambira ndi mawailesi, mmene makina oyamba ankalirira ngati chigayo, mmene anadzatulukira opanda chingwe. Awo anali akalekale, achingwe. Atsopano ankawatcha zidole.

Sabata ina Kalisto ankafika maso ali psuu. Bambo ake anali atamwalira ku Dedza, ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo sankamulola kupita kwawo. Ndege zinkangodutsa pamwamba pa denga tsiku lonse, iye osatha kukwera ngakhale imodzi. Mlongo wake Edna anaimba foni: "Achimwene, kumeta ndi Saturday. Tonse timeta, inu nokha mutsala ndi tsitsi la maliro." Mawuwo anamulasa mtima.

Loweruka pometa ndevu, ankangobwereza malo amodzimodzi. Bambo Garvey anamugwira mkono.

"Iwe, makina anga sayenda chonchi. Chavuta n'chiyani?"

Kalisto anafotokoza kuti kwawo maliro akatha abale amameta mpala, chisoni chipite ndi tsitsi, ndipo munthu sadzimeta yekha, amamumeta wamkulu.

"Wamkulu? Muno muli wamkulu woposa ine? Khala pansi."

Malamulo a pantchito sankalola zoterozo, Kalisto ankadziwa bwino lomwe. Komabe anatseka chitseko, n'kukhala pansi pakati pa miyendo yawo ngati mwana. Manja a mkuluyo, olephera kufikitsa supuni pakamwa, anagwira makina ngati anabadwa nawo. Anayamba ndi timano takumbuyo todulira tsitsi, kenako kusalaza. Tinene zoona, mpalawo unali wochititsa manyazi, zigamba apa ndi apo. Koma tsitsi likugwera pa kapeti, Kalisto analira kulira konse kumene anakubisa sabata yathunthu.

Atamaliza, Bambo Garvey anauzira makina awo n'kufunsa, "Bambo ako dzina lawo ndani?"

"Cornelio."

M'mawa mwake anali ataiwala dzina la Kalisto, monga mwa masiku onse. Koma ataona mutu wazigamba uja pakhomo, anakodola ndi dzanja.

"Mwana wa Cornelio, bwera undimete."