Khutu la Kumanzere

Msonkhano wa makolo unachitikira m'kalasi, anthu akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana, maondo ali kunja. Nkhani inali imodzi: homuweki ipitirire kapena ithe.

Telala anakhala kumbuyo ndi mwana wake wamkazi, mtima ukuwira. Mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, ndiye anali kutsogolo, akulankhula ngati sukuluyo anamanga ndi iye.

"Onjezerani homuwekiyo, ahedi! Wangayu ndimakhala naye patebulo ndekha. Akalakwitsa samu, lamba. Mwana sakhoza pomunyengerera."

Anthu anawomba m'manja. Aphunzitsi a kalasiyo anathirira ndemanga: "Komatu wanuyo ndi wamwano. Ndikamuitana sayankha, n'chifukwa chake ndimamupatsa yambiri."

Apa telala zinamukwana. Iye ankadziwa kumene mwanowo unachokera. Khofi la bambo ake la mwezi watha, chifukwa cha samu yogawa, linasiya magazi papilo, ndipo khutu la kumanzere la mwanayo linafera pomwepo. M'kalasi samva, ndiye amalakwa. Akalakwa amuwonjezera homuweki, kunyumba lamba. Khutu linatsala limodzi, ndipo mayiyo sanafune kuti nalonso lipite.

Anaimirira. "Awuzeni za khutu, bambo ake."

"Khala pansi iwe!"

"Mwana munamugonthetsa ndinu. Awuzeni!"

Bamboyo analumpha madesiki n'kumutchaya chibakera pakamwa. Telala anagwera pakhoma, mlomo utang'ambika, koma sanalire. Anatola rula yaikulu ya pabolodi n'kuithyolera padzanja lomwe lija. Madesiki anagudubuzika, amayi akukuwa, ahedi magalasi ali pansi. Abambo ena anamugwira wowotchererayo m'khosi ndi m'miyendo, iye akuphiriphitha.

"Bodza!" anakalipa, thovu lili kukamwa. "Amamva bwinobwino ameneyu! Iwe, bwera kuno uwawuze!"

Mwanayo anali atakakamira mayi ake, khutu la kumanja atalikwirira pachifuwa pawo. Loyang'ana kwa bambo ake linali lakufa lija.

"Ndati bwera kuno!"

Aphunzitsi aja anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pakamwa, manyazi atawagwira. Amene anagwira bamboyo anamutaya, ndipo iye anayandikira mwanayo n'kumuitana motsitsa mawu.

"Mwanangu."

Telala anameza magazi, akuyang'ana mwamuna wake m'maso. Mwanayo sanacheuke.