Katundu Wotsika Pomaliza

Pa depoti ankamutcha Sachedwa, ndipo dzinalo anachita kulikhetsera thukuta. Kampani yawo sinali ya malole onyamula katundu wa munthu mmodzi, zoti wakweza simenti kuno, wakatsitsa uko, basi wathana nazo. Iwo ankatolera tizidutswa. Uyu makatoni a mankhwala, uyu matayala, uyu firiji, zonse m'lole imodzi, ndipo mwini aliyense akudikira chake nkhope ili gwaa. Ntchito yotere ili ndi lamulo lomwe ngakhale chidakwa cha pa depoti chimalidziwa: wotsika pomaliza amakwera poyamba. Ukasokoneza pamenepo, udzatsitsa lole yonse pamsewu, dzuwa likukuphika, kufuna katoni imodzi.

M'mawa umenewo Sachedwa anadzuka m'kachipinda ka madalaivala kuseri kwa depoti. Kunyumba anali atasiya kugonako. Akagoneko ndi ndani? Chimwalirire mwana wawo, mkazi wake anapita kwa mkulu wake kukapumako pang'ono, ndipo pang'onopo panasanduka miyezi.

Mwanayo anali mmodzi yekhayo, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Tsiku lomwe kanatentha thupi, mayi ake anaimba foni. "Bambo ake, mwanayu sali bwino, bwerani." Iye anali ndi lole yodzaza theka. "Ndikubwera," anatero. Mayiyo anaimbanso ali kuchipatala. "Ndikubwera, kwatsala pang'ono." Sankanama, ankabweradi. Koma kasitomala wina anali atatseka geti kupita kukadya, wina anafuna kutsegula makatoni ake onse dalaivala akuona. Katundu yense anafika bwinobwino tsiku limenelo. Sachedwa anafika kuchipatala mwana atamufunda kale nsalu kumaso.

Za tsikulo awiriwa sanakambiranepo. Mkazi atachoka ankaimba mwa apo ndi apo, kuti mudzabwere tikhale pansi. Iye ankayankha kuti adzabwera ulendo ukadzalowera kumeneko. Zoona zake ankaopa. Ankaopa maso a mkaziyo kuposa ngozi ya pamsewu.

Koma lero ulendo unalowera kumeneko. Malo omaliza anali shopu ina yowotcherera zitsulo, m'tauni momwemo momwe mlamu wake, mkulu wa mkazi wake uja, ankakhala. Atamva zimenezo, anathamangira ku lole yake ngati mnyamata. Anatsegula chitseko cha kumanzere, nachotsa pampando jekete yakale, mabotolo ndi sipanala, napukuta fumbi ndi kansanza konyowa. Anapempha kakhushoni kwa mlonda, chifukwa mpandowo unali ndi sipuling'i yobaya. Anali atatsimikiza mtima: akatsitsa katundu womaliza adzapatuka, adzagwada ngati kuli kugwada, ndipo mkazi wake adzabwerera naye pa mpando umenewu.

Mkulu wa okweza katundu ankatchedwa Chingwe, munthu wa pakamwa posatseka. Masiku onse akamuona ankakuwa, "A Sachedwa, mimbayo ikwera poyamba kapena pomaliza?" Lero anangomupatsa makiyi akuyang'ana kumbali.

"Mwadwala, a Chingwe?"

"Ayi. Womalizayo mukatsitse bwino, achimwene. Ndamanga ndekha."

Sachedwa sanaganizepo kanthu. Anayang'ana malamba a kumbuyo, natseka zitseko, nanyamuka.

Tsikulo linayamba ngati masiku onse. Wa sitolo ya mankhwala analandira makatoni ake osanena n'zikomo yemwe. Mayi wa shopu ya utoto anamukalipira chifukwa chitini chimodzi chinali chophwanyika pakona, ngati kuti iye ndiye anachiluma. Pa sukulu ina anadikira mphunzitsi wamkulu mpaka miyendo kuwawa, ana akuimba m'kalasi, iye atatembenukira kumsewu kuti asawaone. Paliponse ankakwera m'lole, kumasula lamba, kukankha kangolo, kutsika, kumanganso zotsalazo kuti zisagwerane. Khoma la katundu linkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Pa galaja, atagubuduza matayala akuluakulu, anaona mwendo wa tebulo ukusuzumira kuseri kwa firiji. Unali wopaka utoto wobiriwira, pansi pake atakhomerapo kachidutswa ka labala. Anauyang'ana kanthawi. Aa, matebulo alipo ambiri padziko pano, ndipo si iye yekha amene anakhomapo labala kuti tebulo lisagwedere. Anatseka zitseko msangamsanga.

Firiji inali ya lesitilanti ina kutsogoloko. Amuna atatu anathandiza kuitsitsa, akutukwana kulemera kwake. Itachoka, kuwala kunalowa mpaka kumapeto kwa lole, ndipo Sachedwa anaona nyumba yake.

Makina osokera anali atakulungidwa m'makatani a kuchipinda, aja a maluwa achikasu. Kabati inali chilili, chitseko chake chomangidwa ndi waya yemwe iye mwini anapota, akulonjeza kuti Loweruka adzagula hinjezi. Panali tebulo lija, matiresi opindidwa, beseni lalikulu lodzaza mapoto. Chingwe anamangadi bwino, anaika ngakhale makatoni pakati kuti galasi la kabati lisasweke. Zonsezi zinali zitatsamira khoma la kutsogolo, kutanthauza kuti chichokere m'mawa zinali kumsana kwake, chitsulo chimodzi chokha chikuwalekanitsa.

Anakhala pansi m'lolemo.

"Adalaiva, kwagwanji?" anafunsa mwini lesitilanti ali pansi. "Chizungulire? Tikupatseni madzi?"

"Ayi, bwana. Ndi msana chabe."

Atachokapo anaimika lole pansi pa mtengo naimbira Chingwe.

"Munadziwa, eti?"

Chingwe anavomera. "Anabwera nazo dzulo amuna awo a alamu anu, ali ndi kiyi wa nyumba. Ine ndinafuna kuika pa lole ina, Mulungu akuona. Koma anati mayi anenetsa kuti zikwere yanu."

"Yanga?"

"Yanu, achimwene. Pepani."

Apa mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Nkhanza zotani zimenezi? Kumusiya sikunakwane, mpaka amusenzetse ukwati wake womwe akautule yekha? Anamenya chiwongolero ndi chibakera, hutala n'kulira, mbuzi yomwe inali pafupi n'kuthawa. Kenako mkwiyo unaphwa, kunatsala chisoni chokhachokha, cholemera, chokhala pachifuwa.

Njira yozembera inalipo, ndipo dalaivala aliyense amaidziwa. Umangonena kuti mwini katundu sunamupeze, geti linali lotseka, ndipo katundu amabwerera ku depoti. Anzake ankachita zimenezo akangotopa. Iye akanatha kutembenuza lole, kukafika kunyumba, kubwezera chilichonse pamalo pake, miyendo ya kabati pa zipsera zake zomwe za pasimenti. Mkazi akafuna makina ake, abwere adzatenge yekha.

Pa mphambano anaima nthawi yaitali, wa minibasi kumbuyo akumuimbira hutala ndi kumutchula mayina. Kenako manja anapinda okha chiwongolero kulowera komwe katundu amapita. Munthu wake ndi ameneyo! Pa mahampu ankachita kukwawa, kuopa kuti mutu wa makina ungagwedezeke.

Anafika dzuwa litapendeka. Shopu yowotcherera ija inali ya mwamuna wa mlamu wake, anali atangoitsegula kumene, ndipo nyumba inali kuseri kwake. Msewu unali wopapatiza, moti analowa chobwerera, akuyang'ana pagalasi, mpaka zitseko zinayang'anizana ndi khonde. Mwini shopu anazimitsa moto wake, navula magalasi akuda, nabwera akupukuta manja.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa, maso ali pa matayala.

"Bwino. Gwirani uko, kabatiyi imalemera kumunsi."

Anatsitsa mwakachetechete. Mlamu wake anaima pakhomo atapinda manja, moni wake unali wa kumphuno. Sachedwa ankamasula lamba aliyense ndi kumukulunga bwinobwino monga mwa masiku onse, chifukwa akanasiya kugwira ntchito akanalira pamaso pa anthu. Kuseri kwa matiresi, pakona penipeni, anapeza chomwe chinakwera poyamba pa zonse: kampando kofiira ka mwana, kachikwama ka sukulu katamangiriridwa pamsana pake. Anakanyamula ndi dzanja limodzi. Kanali kopepuka zomvetsa chisoni.

Atatembenuka, mkazi wake anali ataima pansi pa lole. Anali ataonda, tsitsi atameta lalifupi. Anatambasula manja nalandira kampandoko.

"Mwafika, adalaiva."

Mawuwo anamulasa. Zaka zonsezi anali bambo ake, ngakhale pokangana. Anatsika, nafuna poika manja, nawapisa m'matumba.

"Makampani alipo ambiri, mayi," anatero motsitsa. "Bwanji lole yanga?"

"Ndinakuitanani kangati?" Mkaziyo sanakweze mawu. "Ine ndikaitana simubwera. Mwana anaitana, simunabwere. Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza kuti, kodi bambowa chimene sachilephera n'chiyani? Ndi katundu. Si uyu mwafika naye, dzuwa likadalipo, galasi losasweka."

Zinali zoona, ndipo kuwawa kwake kunali komweko.

Mwini shopu anali atagwira kale tebulo kuti alowetse m'nyumba. Mkaziyo anamuletsa ndi dzanja.

"Alamu, musalowetse kaye. Zikhale pakhonde pomwepo."

Sachedwa anacheuka. Lole inali pompo, yopanda kanthu, zitseko zili pululu. Zomwe zatsika zikhoza kukweranso, malamba alipo, mpando wa kumanzere ndi wopukuta. Mlamu wake anatsonya nalowa m'nyumba, mwamuna wake anabwerera ku zitsulo zake.

Mkaziyo analowa, natuluka ndi tiyi m'makapu awiri. Anawaika pa tebulo lawo lomwe lija, lomwe ngakhale pakhonde lachilendo silinagwedere. Anatulutsa mapoto m'beseni, nalivundikira, nakhalapo, kampando kofiira kali pambali pake, namulozera mwamunayo mpukutu wa matiresi.

"Khalani pansi. Ndikufuna mundiuze za tsiku lija, zonse, munali pati, munkatsitsa chiyani, munkaganiza chiyani. Musandibisire. Mukatha, ine ndikuuzani zomwe mwana ananena asanagone. Anakusiyirani mawu. Ndawasunga miyezi yonseyi, akundilemera."

"Ananena za ine?"

"Yambani inu."

Sachedwa anakhala. Anagwira kapu ndi manja onse awiri, kutentha kwake kukulowa m'zikhatho. Mawu anali akubwera, anawamva akukwera. Anatsegula pakamwa.

Foni inalira m'thumba la malaya.

Akanaisiya ilire. Inu ndi ine tikanaisiya. Koma dzanja lomwe layankha foni ya ku ofesi zaka zonsezi silifunsa mutu. Asanazindikire anali ataika kapu pansi, ataimirira, monga ankaimirira nthawi zonse akamalankhula ndi akuluakulu. Anali kalaliki wa pa depoti, akulankhula mothamanga: lole isabwerere yopanda kanthu, pa fakitale ya mapaipi pafupi pomwepo pali katundu wofunika kutenga, koma afulumire, atseka geti posachedwa.

"Ndikubwera, bwana," anatero Sachedwa. "Pompano."

Anawamva mawuwo atatuluka kale. Anatembenuka foni ikadali kukhutu.

Mkazi wake sanakwiye, ndipo zikanakhala bwino akanakwiya. Ankamuyang'ana modekha, ngati munthu amene wafunsa funso ndipo wayankhidwa. Anaimirira, natenga kapu ya mwamunayo, nathira tiyi m'maluwa a m'mphepete mwa khonde.

"Mayi, ndi pakamwa chabe. Sindipita. Onani, ndikuzimitsa. Kapena ndingothamangira, ndi pafupi, ndibweranso..."

Anadziluma lilime, koma mochedwa.

"Alamu!" anaitana mkaziyo. "Bwerani mulowetse."

"Nanga mawu a mwana?"

Mkaziyo ananyamula kampando kofiira nakakumbatira pachifuwa. Pakhomo anaima, osatembenuka.

"Pitani, adalaiva. Angatseke geti."

Chitseko chinatsekeka. Sachedwa anagogoda, anaitana, anatchula dzina lomwe ankamuitana nalo ali pachibwenzi. Chitseko sichinatseguke. Mwini shopu anabwera, namugwira paphewa, nanena kuti lero zisiyeni, bambo. Kenako, posowa womuthandiza, anamupempha kuti agwire mbali ina ya kabati. Sachedwa anagwira. Anaifikitsa mpaka pakhomo, pomwe mlamu wake anailandira, iye osaloledwa kuponda mkati.

Anatseka zitseko za lole, nakwera. Kakhushoni ka mlonda kanali pa mpando wa kumanzere, pomwe anakaika m'mawa. Analira ali pa chiwongolero, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, mamina ndi misozi, koma mwendo unali utaponda kale kilatchi.

Pa fakitale ya mapaipi mlonda anali atakoka kale chitseko chimodzi cha geti. Ataona lole anachikankhanso, akuseka.

"Ndinawauza ine kuti dikirani, akubwerawo ndi a Sachedwa. Lowani, bambo, mwapeza tisanatseke."