Nsapato za a Sivalingam

Alamu anga a Sivalingam anasiya kupembedza ku kachisi wathu mumzinda wa Ipoh chifukwa cha phulusa. Wansembe anawapaka pamphumi phulusa lopatulika lomwe lija anali atangopaka woyendetsa lole, chonsecho iwo anakhalapo mphunzitsi wamkulu.

"Sakundidziwa ameneyu," anatero.

Amene anawadziwa ndi Guru Amrutesh, mtsogoleri wa zauzimu yemwe anatsegula holo yopembedzeramo pamwamba pa sitolo ya matayala. Tsiku loyamba lomwelo Guru anaona kuwala pamutu pawo. Ife timangoonapo dazi. Anawapatsa mpando wakutsogolo, n'kuwauza kuti achibale osakhulupirira ndi unyolo wa mzimu. Unyolowo ndi mkazi wawo, mchemwali wanga Kamalam.

"Achimwene, kawatengeni," Kamalam anandiuza Loweruka lina. "Lero tikutcha dzina mdzukulu, ndipo olinong'oneza m'khutu mwake ndi agogo ake. Akapanda kubwera, asadzabwerenso."

Ndinapita ku holo kuja. Pakhomo ndinavula nsapato, monga timachitira paliponse popembedzera. Mayi wina wovala zoyera anazitola n'kuzitsekera m'kabati, kiyi n'kukoleka m'khosi.

"Mudzazitenga Guru akakumasulani."

Nditawanong'oneza uthenga, alamu anaimirira ndi ulemerero wawo wonse, n'kukaitanitsa nsapato zawo.

"Simunamasulidwe, bambo."

"Mayi inu, mukundidziwa ine? Ndine wa mpando wakutsogolo!"

"Akutsogolo ndiye amatsiriza kutuluka."

A Sivalingam anacheukira kwa ine. "Alamu, kodi kwathu kuja nsapato amatsekera?"

"Ayi, zimangoti mbwee panja. Wansembe akatalikitsa, umavala n'kumapita."

Tinatsika chopanda nsapato, dzuwa lili paliwombo, phula la mumsewu likuwira. Aphunzitsi aakulu anadumphadumpha ngati chule mpaka pokwerera basi, kuwala kwa pamutu kuja kukuyenderera m'khosi.

Mwambo anaupeza, dzina ananong'oneza. Kamalam anayang'ana matuza a kumapazi, nabweretsa beseni la madzi osafunsa kanthu. Kwa ife omudziwa, chozizwitsa chimenechi chinaposa zonse za Guru.

Lachisanu anabwerera ku kachisi wakale, nalandira phulusa lawo atafola kumbuyo kwa woyendetsa lole yemwe uja. Potuluka anapeza wina wavala nsapato zawo zatsopano n'kupita nazo.

Ndinadikira mkuntho. Iwo anangoloza mulu wa nsapato monyadira, ngati anauunjika okha.

"Mwaona, alamu? Kuno ngakhale wakuba amatuluka osapempha chilolezo."