Madzi a Pampopi wa Amayi

"Usatunge pamenepo," anatero achimwene ake motsitsa mawu, atamupeza Chitsirizira akutchera ketulo pampopi wa pabwalo.

Amayi awo anali ataikidwa dzana. Mipando yobwereka inali idakaunjikidwa pakhonde.

"Bwanji?"

Achimwenewo ankagwira ntchito yoyeza madzi kukampani yopopa madzi m'tauniyo. Anayang'ana kukhomo, kenako pansi.

"Zotsatira zatuluka dzulo. Chitsime chatsopano chija, chomwe chimabweretsa madzi m'mipopi ya kuno, anachiboola pathanthwe la poizoni wotchedwa yureniyamu. Saoneka, sanunkha, ngakhale uwiritse sachoka. Amangodya impso mwakachetechete."

Impso. Chitsirizira anakumbukira mapazi otupa a amayi ake, momwe ankawasisitira m'chipatala, iwo akuseka kuti anenepa pa ukalamba. Ketulo inamupulumuka.

"Ndiye mwauza ndani?"

"Abwana akuti tidikire ayezenso. Wotulutsa mawu msanga, ntchito yake yathera pomwepo."

"Si inu mumatinyadira kuti lamulo linaika malire a poizoni, madzi akapyola mutseke chitsime?"

"Apyola, inde. Koma wotseka si ine. Ndili ndi ana, iwe."

"Ana anuwo amamwa chiyani, petulo?"

"Usandilankhule choncho pamaliro!"

"Maliro athu atha, achimwene. Atsala a eni ake mumsewu muno."

Achimwene anakhala pampando umodzi wobwereka, nkhope m'manja. Chitsirizira anafuna kuwagwedeza mpaka mano aombane, koma anaona mapewa awo akunjenjemera, n'kuwaleka.

Kunja kwa mpanda kunaima wilibala yodzaza njerwa. Mwini wake, bambo wa imvi, thukuta lili kamukamu, anapisa dzanja pampata wa mpandawo n'kutenga kapu yachitsulo yomangidwa ndi chingwe pamsomali. Anatsegula mpopi ngati wa kwawo.

"Pepani ndi zovutazi, ana anga," anatero. "Mayi aja anatiletsa kuodira. Ankati tizingomwa."

Mpando unagwa. Achimwene anali atafika kale pampanda, atagwira dzanja la bamboyo, madzi akutayikira pansapato zawo.

"Musamwe, bambo. Ndimagwira kukampani ya madzi. Imani ndikufotokozereni, mukauzenso anzanu onse."

Achimwene akufotokoza choncho, Chitsirizira anapita kukamasula kapuyo. Anachita kugwada kuti afike pamfundo. Amayi anakhomera msomaliwo m'munsi, kuti nawo ana ochokera kusukulu azifikira.