Nkhoswe ya Pachithunzi

Lamulungu masana banja la a Armando linakhala pakhonde ku Degue, mumzinda wa Tete, malata akulira ndi dzuwa. Ankadikira Rimantas, mzungu wa ku Lithuania wogwira ntchito kumigodi ya malasha, yemwe ankafuna kukwatira mwana wawo Luzia. A Armando anali ataneneratu kuti popanda wamkulu womuyimira, ukwati palibe.

Rimantas anafika yekha, atafungatira chithunzi cha mdala wandevu. Anachikhazika pampando, iye n'kukhala pamphasa.

"Nkhoswe yake ndi imeneyi?" anafunsa a Felismina, mayi ake a Luzia. "Tiyiphikire chiyani?"

"Amayi, musaseke," anatero Luzia. "Ndinamuuza abwere ndi wamkulu, koma kwawo akuluakulu onse anatha."

A Armando sanaseke. "Munthu sakhala pampando wanga osadziwika. Ndani ameneyu?"

Rimantas anayankha m'Chipwitikizi chake chopunduka, Luzia akuwongola ndi kumasulira.

"Akuti ndi agogo a agogo ake, a Anupras. Anali mfulu yolemera, mwini minda yambiri ndi akavalo. Mu 1863 anthu akwawo ataukira mfumu ya ku Rasha, iwo analowa m'nkhalango ndi alimi awo, ena atanyamula zikwakwa zokha. Anagonja. Analandidwa zonse n'kuthamangitsidwira kudziko lachisanu."

"Anafera komweko?" anafunsa a Armando.

"Anabwerako atakalamba, n'kupeza m'nyumba mwawo muli ena. Anapempha kamalo kuseri kwa khola, n'kumaweta njuchi."

"Osakangana nawo?"

"Akuti ankawagawira uchi."

Nawonso a Armando, pobwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo, anapeza munda wawo wa ku Angónia ukulimidwa ndi ena, ndiye anatsikira kuno ku Tete kudzagulitsa mbatata.

"Mdalayu ndamumva," anatero. "Koma tsiku lomwe mudzayambane ndi Luzia, sadzabwera kudzakhala pakati panu. Nkhoswe imafuna miyendo."

Rimantas anawerama, n'kunyamula chithunzi chake. Luzia analowa m'nyumba.

M'mawa mwake a Armando anaitanitsa Rimantas, n'kupita naye kwa a Hilário, mnzawo amene anathawira naye limodzi ku Malawi. Anawapeza ali padenga, akukhoma malata.

"Achimwene, ana aamuna muli nawo angati?"

"Atatu, onse aulesi."

"Onjezani uyu. Ngwamtali, koma sadya zambiri."

A Hilário anamuyang'ana mzunguyo kwa kanthawi.

"Ana amasiye ngati uyu sitiwalipiritsa unkhoswe," anatero. "Mwanawe, tandigwirira makwererowa nditsike, tikambe."