Galu Wachitsulo wa Adalaivala

Chidwalireni sitiroko, Adalaivala, omwe kale ankayendetsa basi, ankayankhula ngati ali ndi madzi m'kamwa. A kuchipatala anawabwereka loboti ya miyendo inayi yomvera mawu a munthu. Ukaiuza kuti igwade, inkagwada kuti wodwala atsamire pamsana pake podzuka. Pakhomopo ankangoitchula kuti Galu.

"Muziyankhula nayo nokha, bambo, izolowere lilime lanu," anatero mlangizi, mayi wofatsa amene anabwera nayo. "Ikapanda kukumvani tidzaipereka kwa ena. Odikira ndi ambiri."

Akazi awo a Adalaivala ankachapa zovala kuhotela tsiku lonse, ndipo tchuthi chimene anapempha chinali pafupi kutha. Popanda Galu, masana sipakanakhala wowadzutsa bambowo kupita kuchimbudzi.

Koma mayiwo mtima sunkawalola kungoonerera. Amuna awo akamati "gwa... gwa...", malovu akuchucha, mitsempha ya m'khosi ili njo, iwo ankanong'ona kuseri kwa mpando: "Gwada, Galu." Galu n'kugwada. Bambowo ankaseka ndi tsaya limodzi.

"Mwaona, mayi? Basi yonse ija inkandimvera, nanji kagalu!"

"Ndaona, bambo," ankayankha, akuwapukuta chibwano.

Tsiku loyesa, mlangizi anapempha mayiwo kuti akaime pakhonde. Anakaima pawindo, akupemphera chamumtima.

"Gwada," anatero Adalaivala. Mawuwo anamveka bwino kuposa masiku onse. Galu sanasunthe.

"Gwada, iwe chitsiru!"

Galu anangoti chilili. Bambowo anayesanso mpaka mawu anasasa, thukuta lili kamukamu.

"Chonde gwada, Galu," mayiwo anangozindikira atayankhula.

Galu anatembenuka, mapazi akugogoda pasimenti, n'kugwada moyang'ana pawindo, kutali ndi mpando.

Adalaivala anayang'ana akazi awo kwa nthawi yaitali, kenako anazolika.

"Yazolowera mawu anu, mayi," anatero mlangizi motsitsa mawu. "Kuti tiyambirenso mpofunika kudikira, ndipo mzere ndi wautali. Pepani."

Asanapite, mlangiziyo anawongolera bambowo pilo, n'kuwakonzera kolala. Galu anamutsatira yekha kukakwera galimoto.

M'mawa mwake mayiwo anaika botolo la madzi pafupi ndi dzanja la bambowo lomwe linkagwirabe ntchito, ndi chidebe chovindikira pafupi ndi mpando. Anaima pakhomo, chikwama chili m'manja, akufuna choti anene.

"Pitani," anatero Adalaivala, akuyang'ana kukhoma. "Muchedwa."