Rosario Woyamba

Agogo anga a Nunziata anamwalira Lachiwiri m'mawa ali ndi zaka 94, m'nyumba yawo ya pakati pa minda ya nzimbe ku Ingham. Ndinawasamalira zaka zitatu, ndipo ndine ndinawatseka maso. Sindinalire. Ndinali ndi uthenga wawo woti ndipereke, ndipo ndinkadziwa kuti ubweretsa mkangano.

Ife amene makolo athu anachokera ku Sicily sitigona m'dothi. Banja lililonse lili ndi kanyumba kake kumanda, ka matailosi ndi chitseko chagalasi, ndipo mabokosi amalowa m'khoma. Agogo aamuna a Carmelo analowa kumanja zaka makumi atatu zapitazo. Kumanzere kunali kwa akazi awo, dzina litalembedwa kale.

Koma mwezi umodzi asanafe, ndikuwapesa tsitsi, agogo anandigwira dzanja.

"Graziella, iwe pakamwa pako sipaopa munthu. Usalole andiike m'kabati muja. Andiike pansi, kumpanda, pafupi ndi mwana wanga."

"Mwana wake uti, agogo? Ana anu asanu onse ali moyo, akungonenepa."

Ndi pamene anandiuza. Anabwera pa sitima yapamadzi mu 1950 ali ndi zaka 19, atakwatiwa kale ndi mwamuna amene anangomuona pachithunzi. Kutchalitchi kwawo kunaimirira mchimwene wa mkwatiyo m'malo mwake. Kuno anapeza chisakasa chamalata ndi amuna asanu ndi anayi odula nzimbe oti aziwaphikira. Chaka chotsatira anabereka mwana wamwamuna mtsinje utasefukira. Wansembe sanathe kuwoloka. Mwanayo anakhala masiku awiri, n'kufa wosabatizidwa, ndipo anamuika kumpanda kumene ankaika ana otere. Anali atamutcha Rosario, dzina la apongozi awo aamuna, monga amachitira ndi mwana woyamba. Dzina lotero silitayidwa. Atabadwa wina wamwamuna anamutchanso Rosario, ndipo a Carmelo analamula kuti za woyambayo zisamveke m'nyumba.

Agogo anamvera. Analera ana asanu, anasoka madiresi aukwati a ana aakazi atatu, anatiphikira Lamlungu lililonse mpaka tinakwana anthu makumi anayi pamatebulo awiri. Pa tsiku lokumbukira akufa tinkapita tonse kukatsuka matailosi a kanyumba kaja, ndipo iwo ankanyamula chidebe okha n'kunena kuti akukataya madzi akuda. Ankachedwa. Ife tinkati ndi miyendo.

Lachitatu masana banja linakhala kukhitchini kukonza za maliro. Amalume a Rosario, amene tsopano ali ndi zaka 73, anakhala pampando wa bambo awo. Ndinadikira amalize za maluwa ndi nyimbo, kenaka ndinanena zonse osazungulira.

"Amayi anga pansi?" anatero amalume. "Ngati mbatata?"

"Ndi zimene anapempha."

"Anali atasokonezeka mutu."

"Osokonezeka mutu anakugonjetsani pamakhadi sabata yatha, amalume."

Akazi awo a Tina anaika kapu pansi. "Ndiye anthu adzati chiyani? Adzati ankadana ndi amuna awo. Aliyense wodutsa pagalasi paja adzaona dzina popanda munthu."

Amayi anga a Agata, amene anabadwa pambuyo pa amalumewo, anangoyang'ana manja awo.

"Agata, lankhula ndi mwana wakoyu," anatero amalume. "Zaka makumi anayi, mwamuna alibe, fodya pakamwa, lero akundipatsa mchimwene amene sindinamuonepo."

"Kwerani galimoto mukamuone," ndinatero. "Mukapeza palibe, ndidzatseka pakamwa mpaka kufa."

"Zimenezo zokha n'zokwanira kuti ndikwere."

Kumanda kunatentha, ndipo kuseri kwa mpanda makina anali kudula nzimbe, zinyalala zikuuluka. Tinadutsa tinyumba tonse mpaka kumene matailosi amathera ndi udzu kuyambira. Kunali timitanda tachitsulo khumi ndi tiwiri, tambiri tadzimbiri, topanda mayina. Kamodzi kanali koyera. Penti yake inali yokhuthala ngati chikhungwa cha mtengo, yopakidwa pamwamba pa inzake chaka ndi chaka. Agogo sanapite kusukulu, choncho zilembo zake zinali zopendama: ROSARIO MUSUMECI 1951.

Amalume anawerenga dzina lawo. Anavula chipewa, anachivalanso. Anagwada movutikira n'kukanda pentiyo ndi chikhadabo, pansi pake panatuluka yobiriwira.

"Iyi ndi ya pakhonde," anatero. "Ndinapaka ndine khonde lija. Anandiuza kuti yotsalayo inatayika."

Anatembenukira kwa ine.

"Graziella."

"Amalume."

"Amayi akamaima pakhomo n'kuitana kuti Rosario, ankaitana ndani?"

Ndikanatha kuwanamiza. Sindidziwa kutero.

"Sindinawafunse. Amene ankabwera kudzadya ndinu."

Anakhala chogwada nthawi yaitali. Atafuna kudzuka mawondo anakana, ndipo ndinawapatsa dzanja. Sanalilandire. Anagwira mpanda.

"Uwauze akumbe apa," anatero. "Tina ndikamuuza ndekha."

Agogo tinawaika Loweruka. Dothi linali lofiira ndi lonyowa, ndipo zidendene za nsapato za azimayi zinkalowa pansi. Okalamba a mpingo ankanong'onezana, ena anakaima patali pamthunzi wa tinyumba tawo. Amalume ananyamula bokosi kutsogolo, kumanja, monga mwana wamkulu amachitira. Wansembe atawapatsa dothi kuti aponye poyamba, anayang'ana kamtanda koyera kaja, n'kupereka dothilo kwa amayi anga.

"Yamba ndiwe," anatero. "Ine si woyamba."

Kuchakudya cha maliro sanabwere. Patha miyezi isanu ndi iwiri. Tikakumana kutchalitchi amandigwedezera mutu, koma sanandilankhulepo. A Tina akuti amadzuka, amadya, amapita kumunda, ndipo munthu akawaitana dzina amatenga kanthawi asanatembenuke.